Mpikisano wa mbalame dzinja lino: madandaulo a malamulo ndi mphete ya ku Kachulu

Aphiri (Zomba):
Moni nonse. Mpikisano wathu wa dzinja uja unayamba pa 1 Disembala, udzatha pa 28 Febuluwale. Ndibwerezenso malamulo poti sabata ino gulu lalandira anthu atsopano. Lembani mtundu uliwonse wa mbalame yomwe mwaiona ili yamoyo ndiponso ili paufulu, kaya ndi kutchire, kudimba, kumunda kapena padenga la nyumba yanu. Mtundu umodzi umalembedwa kamodzi, ngakhale akhwangwala atadzaza bwalo lonse. Nkhuku, nkhunda za m'khola ndi abakha oweta ayi. Musaiwale tsiku ndi malo. Amene muli ndi eBird, app yolembera mbalame zomwe mwaona, ikani pomwepo. Amene mulibe, kope ndi cholembera zikukwana, mujambule tsambalo n'kutumiza pano Lamlungu lililonse madzulo. Miyezi imeneyi tinaisankha dala. Ino ndiyo nthawi imene alendo athu, mbalame zochokera ku Ulaya ndi ku Asia, ali kuno, ndipo zathu zomwe zasintha nthenga, zikuimba, zikumanga zisa. M'Malawi muno munalembedwa mitundu pafupifupi 650, ndipo dzinja ndi pamene yambiri imapezeka nthawi imodzi.

Nambewe (Area 25):
Zikomo bambo Phiri. Ine ndine mmodzi wa atsopanowo, ndipo ndili ndi dandaulo. Ndaona zomwe anthu atumiza sabata yoyamba. Onse amene ali pamwamba ndi oti anapita ku Liwonde kapena ku Dzalanyama pagalimoto. Ine ndimakhala m'shopu kuyambira Lolemba mpaka Loweruka, bainokyula ndilibe, yolowera kupaki ndilibe. Zanga ndi pumbwa, njiwa, mpheta, timba, khwangwala, namzeze ndi kabawi wozungulira pamsika uja. Sindikunyoza munthu, koma zikapitirira chonchi wopambana akhala amene ali ndi ndalama ya mafuta, ndipo ambirife tigwa ulesi Khirisimasi isanafike.

Mayi a Tadala (Mchinji):
Mwandilankhulira achemwali. Kuno tikupalira. Sindingasiye khasu m'munda ati ndikukaona mbalame ku Liwonde.

Mavuto (Johannesburg):
Nambewe akunena zoona, ndipo vutoli si la ife tokha. Kuno ku Joni a BirdLife South Africa amachititsa Birding Big Day chaka chilichonse, cha kumapeto kwa Novembala kapena kumayambiriro kwa Disembala, alendo aja atangofika. Timu imasankha malo amodzi pa mapu, ndipo siloledwa kupitirira makilomita 50 kuchokera pamenepo, kwa maola 24. Amalemba pa app ya BirdLasser, wina aliyense n'kumatsatira pa intaneti mmene matimu akuyendera. Malirewo amathandiza, komabe matimu a ku Limpopo, komwe nkhalango ya kuphiri, dambo ndi tchire zili moyandikana, amadutsa mitundu 300 tsiku limodzi. Ife anyamata ogwira ntchito m'magaladeni tinangokwera taxi kupita ku Walter Sisulu Botanical Garden ku Roodepoort, kukaona ziwombankhanga zakuda zomwe zimamanga pathanthwe la mathithi. Tinasangalala, koma makilomita 50 ndi a munthu wagalimoto ndithu. Kwathu kukufunika malire a munthu wapansi.

Aphiri (Zomba):
Ndamva. Nanga tikagawa pawiri? Mndandanda woyamba ukhale wa pakhomo: paliponse pamene mungafike wapansi kapena panjinga kuchokera komwe mumagona, n'kubwerera tsiku lomwelo. Wachiwiri ukhale wa paulendo, wa amene ali ndi mwayi woyenda. Wopambana weniweni wa gulu lino atuluke pa mndandanda wa pakhomo.

Gondwe (Rumphi):
Ndikugwirizana nazo, koma mundiweruze. Ine masabata ena ndimagona ku Chelinda, pa Nyika, chifukwa cha ntchito yoperekeza alendo. Ndikatuluka pakhomo m'mawa, nditangoyenda pang'ono, ndimakumana ndi blue swallow, namzeze wabuluu wa mchira wautali uja. Anafika kale, ndipo akumanga m'maenje ogumuka ndi m'mauna a nyama zokumba chiswe. Cha mu Epulo adzanyamuka ulendo wa kumbali ya nyanja ya Victoria. Nyika ndi amodzi mwa malo akuluakulu amene mbalameyi imaswanirako padziko lonse, ndipo yatsala yochepa. Palinso wattled crane m'madambo ndi Denham's bustard paudzu. Zimenezi ndilembe pakhomo kapena paulendo?

Mayi a Tadala (Mchinji):
Paulendo a Gondwe, chonde. Pakhomo ndi pomwe pali ana ndi mtondo.

Gondwe (Rumphi):
Chabwino mayi, ndavomera. Za ku Bolero ndizilemba pakhomo, za pa Nyika paulendo.

Aphiri (Zomba):
Tagwirizana. Koma Nambewe mwanawe, ndikufuna umvetse kuti sitikukuchitira chifundo ayi. Mndandanda wa ku Area 25 ndi wofunika kuposa wa ku Liwonde. Ku Liwonde alendo ndi operekeza alendo amalemba chaka chonse. Aliyense akudziwa kuti m'mitengo ya tsanya muli Lilian's lovebird, m'mbali mwa Shire muli Böhm's bee-eater, ndipo wamwayi amaona Pel's fishing owl. Tikalembanso ife, tangowonjezera pa zodziwika kale. Koma tatsegula eBird uyang'ane m'maboma monga Mchinji, Ntchisi, Phalombe kapena Neno. Midzi yambirimbiri palibe analembapo ngakhale njiwa. Mbalame ikadzasowa kumeneko, palibe adzadziwe kuti inalipo. Ine ndili mwana nang'omba ankalira m'bandakucha kuseri kwa mudzi wathu. Lero kulibe, ndipo palibe pepala lililonse losonyeza chaka chimene anathera.

Mavuto (Johannesburg):
Zimenezo n'zomwe a SABAP2, kalembera wa mbalame wa kumwera kwa Africa, amachita kuno kuyambira 2007. Anagawa mapu m'timabokosi, kalikonse pafupifupi makilomita 9 mbali iliyonse. Umasankha kabokosi kako, umayendamo maola osachepera awiri, ukulemba mbalame motsatana mmene ukuzionera. Kabokosi kopanda kanthu ndi kamene amakafunitsitsa.

Nambewe (Area 25):
Apa ndiye mtima wakhala pansi. Koma popanda bainokyula ndiwonjezera bwanji? Ndikaona kambalame kabulauni m'mpanda ndimangoti timba, basi.

Gondwe (Rumphi):
Achemwali, ife tonse tinayamba ndi maso okhaokha. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Musamathamangitse mbalame, muzipeza pomwe zimabwera zokha. Funani mkuyu kapena kachere amene ali ndi zipatso, mukhale pansi pake kukangocha, dzuwa likhale kumsana kwanu. Ola limodzi pamenepo liposa kuyenda tsiku lonse. Mukaona yachilendo musathamangire dzina. Yambani ndi kukula kwake: kodi ndi yochepa kuposa mpheta, ngati pumbwa, ngati njiwa kapena ngati khwangwala? Kenako mlomo, wonenepa woswera njere kapena woonda wotolera tizilombo. Kenako mchira, ndi zomwe ikuchita. Ikudumphadumpha pansi? Ikuuluka kuchoka panthambi n'kubwerera pomwepo? Imeneyo nthawi ino imakonda kukhala spotted flycatcher, mlendo wa ku Ulaya. Lembani zonsezo musanatsegule foni, chifukwa mukayamba ndi zithunzi maso amakunamizani.

Atimba anuwo akhoza kukhala mitundu ingapo. Wotukula mchira m'mwamba akulira mokalipa ndi tawny-flanked prinia. Koma yang'anitsitsani m'mitengo ya mthethe. Muli kena kobiriwira pang'ono, kokhala ndi mzera wotuwa pamwamba pa diso, kosakhazikika, kofufuza pansi pa masamba. Ndi willow warbler. Kulemera kwake ngati bokosi la machesi, magalamu 9 kapena kuposa pang'ono, koma kachokera ku Ulaya kapena ku Siberia pamapiko ake.

Aphiri (Zomba):
Ndipo Lamlungu ukapeza mpata, ku Lilongwe konko uli ndi mtsinje wa Lingadzi pa Nature Sanctuary, komanso maiwe a zonyansa a ku Kauma. Fungo lilipo, koma abakha am'tchire, akakowa ndi timbalame ta miyendo yaitali toyenda m'matope timapezeka kumeneko.

Tembo (Mfuwe):
Muli bwanji nonse, ine ndili kuno ku Zambia. Ba Phiri, funso langa ndi la mbalame zomwe tazimva chabe osaziona. Manje kuno tchire lathithikana, udzu wafika m'chiuno. Red-chested cuckoo akulira usana ndi usiku, mawu atatu otsika aja, koma kumuona ndi nkhani ina. Woodland kingfisher anafika mu Novembala, m'mawa uliwonse ndi iye. Mkuta naye amalira mkati mwa bango. Tizilemba?

Mavuto (Johannesburg):
Ine ndikuti ayi. Tikatsegula khomo limenelo wina adzangonena kuti ndinamva, ndani adzamutsutse? Komanso nthengu ndi robin-chat zimatengera mawu a mbalame zina.

Tembo (Mfuwe):
Koma achimwene, wofuna kunama anganamenso kuti ndinaona. Ndipo tikakana zamakutu, anthu adzayamba kulowa m'bango kuvumbulutsa mbalame pamazira kuti angoziona. Choipa kwambiri n'chiti?

Aphiri (Zomba):
A Tembo ali ndi mfundo yolemera. Ngakhale eBird imalola mbalame yomveka. Tichite chonchi: ngati kulirako mukukudziwa bwino, lembani, muike chizindikiro choti ndinangomva. Ngati ndi mbalame yosowa kapena mukukayika, jambulani mawuwo pafoni mutumize pano timvetsere tonse. Koma app ya Merlin, yozindikira mbalame pa kulira kwake, isakhale woweruza. Mawu a mbalame zambiri za kuno siinawadziwebe, nthawi zina imatchula mbalame ya kutali yomwe siinapondepo kuno. Ikakuuzani dzina, litengeni ngati funso, osati yankho.

Mayi a Tadala (Mchinji):
Poti mwati tizifotokoza tisanatchule dzina, ndifotokoze zanga. Lachiwiri kunagwa mvula yamphamvu masana, itakata cha m'ma 4 koloko ngumbi zinatuluka pachulu cha m'mphepete mwa munda wathu. Ana anathamangira mabeseni. Ine nditakweza maso, kumwamba kunali kutadzaza. Anamzeze analipo, akabawi analipo, nthengu zinalipo. Koma panali zina zambiri zomwe sindinazionepo, zokula ngati njiwa koma mapiko osongoka. Zimagwira ngumbi ndi phazi, n'kuweramitsa mutu kudya zili m'mwamba momwemo, mapiko a ngumbi n'kumagwa ngati madeya. Zitakhuta zinandanda pamawaya a magetsi. Ndinayandikira. Zina zotuwa moderako thupi lonse, miyendo yofiira, kuzungulira diso kofiira, zikatambasula mapiko kunsi kwake koyera. Zina zamawangamawanga pachifuwa. M'mawa mwake kunalibe ndi imodzi yomwe.

Gondwe (Rumphi):
Mayi, mwaona Amur falcon! Zotuwa moderazo ndi zazimuna, zamawangazo zazikazi. Kuyera kwa kunsi kwa mapiko ndiko kumazisiyanitsa ndi red-footed falcon. Zimaswana kum'mawa kwa Siberia ndi kumpoto kwa China. Zimadutsa ku India, kenako zimaoloka nyanja yamchere makilomita pafupifupi 3,000 osatera, mpaka kufika kum'mawa kwa Africa, ndiye n'kumatsika kuno motsata mvula ndi ngumbi. Kupita ndi kubwerera ndi makilomita pafupifupi 22,000 chaka chilichonse. Ine pa Nyika pano chaka chino sindinazionebe. Inu mwazipeza muli ndi khasu m'manja.

Mayi a Tadala (Mchinji):
Ambuye! Mpaka China? Ndiwauza ana akaweruka kusukulu. Nanga adokowe akuda a pamimba poyera amene amayenda m'gulu kudambo?

Tembo (Mfuwe):
Abdim's stork amenewo. Iwo ndi a mu Africa momwemuno. Amaswana kumpoto uko, kuyambira ku Senegal mpaka ku Ethiopia, nthawi ya mvula ya kumeneko, ikatha amabwera kudzadya ya kuno. Musawathamangitse mayi. Amatola ziwala ndi ntchemberezandonda zoyenda poyera. Mbozi zobisala m'mutu wa chimanga zija ndiye zimawavuta kuzifikira.

Che Bwanali (Kachulu):
Moni akuluakulu. Ine ndakhala ndikungowerenga. Ndine wa kunyanja ya Chilwa, ndinakulira m'njedza, ndipo ndinene poyera kuti ndakhala ndikutchera mbalame kuyambira ubwana. Mwana wanga ndi amene anandilowetsa pagulu pano. Funso langa ndi ili. Dzulo mnyamata wina wabwera ndi mbalame zomwe anakola. Pakati pake panali kena ka miyendo yaitali, kamsana kamadonthomadontho, koyera kumimba, komwe timakaona dzinja lokha kakuyenda m'matope a mumpunga. Kumwendo kwake kunali mphete yachitsulo yolembedwa manambala ndi mawu aang'onoang'ono achizungu. Mbalameyo inali itafa kale. Mpheteyo ndaisunga. Kodi imeneyi ndingailembe pa mpikisano? Nanga mpheteyi ndi ya ndani?

Mavuto (Johannesburg):
Zimenezi ndiye zimandiwawa mtima. Mbalame yaoloka chipululu cha Sahara, yapulumuka zonse, n'kudzathera mumsampha kwathu. Kafukufuku wa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 anapeza kuti ku Chilwa kumakoledwa mbalame zoposa miliyoni imodzi pachaka. Malo oti analembedwa pa Ramsar, mndandanda wa madambo ofunika padziko lonse! Pepani madala, koma ine sindikuona kuti wotchera mbalame ndi woona mbalame angakhale bwanji pagulu limodzi.

Che Bwanali (Kachulu):
Mwana wanga, ndakumva, ndipo sindikukwiya. Koma bwera udzakhale kuno Januwale mmodzi. Nkhokwe zimakhala zitatha, chimanga chili m'mawondo, mpunga sunache. Nyanjayi ilibe mtsinje wotulukira, ndipo ndi yosaya. Inauma mu 1968, inaumanso mu 1995, mu 2018 mabwato anakhala pamatope osweka. Matemba akasowa, munthu wa pa zimbowera, timisasa toyandama panyanja, adye chiyani, ana awagulire chiyani makope? Amapita ku nadititi, nthutuwiri, chipiyo ndi tsekwe. Sindikunena kuti zonse n'zabwino. Ine ndemwe ndaona mbalame zikuchepa. Kale chipiyo zikadzuka m'mawa zinkaphimba kumwamba cha ku Chisi. N'chifukwa chake alenje tinapanga magulu, a WESM, bungwe loteteza nyama ndi zachilengedwe, anatithandiza, tinapatula malo ena oti asamatcheredwe ndi nthawi yoti mbalame ziswane. Ena amatsata, ena satsata, makamaka chaka cha njala. Koma ukandichotsa pagulu, ndani adzakuuze mwezi umene tsekwe amaikira, kapena mbali ya dambo kumene mbalame zasamukira madzi akakwera? Zimenezo mu foni mulibe.

Nachisale (Leeds):
A Mavuto, mundilole ndiikepo mawu. Amur falcon amene tonse tamusangalalira uja ankaphedwa zikwizikwi chaka chilichonse ku Nagaland, ku India, pafupi ndi damu la Doyang. Nkhaniyo inamveka padziko lonse mu 2012. Chaka chotsatira kupha kunatha, ndipo amene anakuthetsa ndi anthu a m'midzi yomweyo, monga Pangti, ena mwa iwo alenje omwewo, atakhala pansi ndi mafumu ndi mipingo yawo. Akanawatukwana n'kuwasiya kunja, mwina Mayi a Tadala sakanaona kanthu pamawaya paja. Che Bwanali anakatha kutaya mpheteyo m'madzi osauza munthu. Abwera nayo pano.

Mavuto (Johannesburg):
Ndamva achemwali. Maganizo anga pa misampha sanasinthe, miliyoni ndi yambiri. Koma Che Bwanali khalani, ndipo ndikabwera pa holide ndidzafika ku Kachulu mudzandionetse malo opatulidwawo.

Che Bwanali (Kachulu):
Udzandipeza. Bwato lilipo.

Aphiri (Zomba):
Tsono ndiyankhe funso lenilenilo. Pa mpikisano mbalame yakufa, yokoledwa, ya paulimbo, yapalegeni kapena yogulitsidwa pamsewu siwerengedwa. Tikaloleza tikhala ngati tikuika mtengo pa msampha. Koma Che Bwanali, momwe mwaifotokozeramo ikumveka ngati wood sandpiper, ndipo anzake amoyo ali mumpunga momwemo. Mukawaona mawa, lembani. Mpheteyo ndiyo yaikulu kuposa mpikisano wonsewu. Chonde musaitaye, musaipatse mwana kuti aziseweretsa.

Nachisale (Leeds):
Eya. Mphete iliyonse ili ndi nambala yakeyake, ndipo mawu aang'onowo ndi dzina la bungwe kapena mzinda kumene inachokera. Iwongoleni pang'onopang'ono, muiike papepala loyera panja pali kuwala, mwana wanu aijambule pafupi mbali zonse. Mulembe tsiku, malo, ndi mmene mbalameyo inafera, mosabisa, palibe amene akuimbeni mlandu. Ine nditumiza ku SAFRING, ku University of Cape Town, omwe amasunga za mphete za kumwera kwa Africa ndipo amalumikizana ndi anzawo a ku Ulaya. Yankho limabwera lonena kumene anaiveka ndi tsiku lake. Umu ndi mmene anthu anadziwira njira za mbalamezi. Namzeze wina anavekedwa mphete ku Staffordshire, kuno ku England, mu 1911, ndipo anapezeka pafamu ina ku Natal mu Disembala 1912. Kufikira pamenepo anthu a kuno analibe umboni wa komwe anamzeze awo amathera akachoka.

Ine kuno mpikisano ukundivuta. Kukuda 4 koloko isanakwane, ndikatuluka kuntchito kuli mdima, anamzeze onse ali kwanuko mpaka Epulo. Ndikudikira Big Garden Birdwatch ya RSPB, bungwe loteteza mbalame kuno, kumapeto kwa Januwale, yomwe inayamba mu 1979: ola limodzi lokha, kuwerenga zotera pakhomo pako. Mukamaona anamzeze atandanda pamawaya muzindiuzako, zimanditonthoza.

Nangozo (Thyolo):
Pepani ndalowa mochedwa, netiweki kuno imavuta mvula ikamagwa. Ndili ndi nkhani ina yomwe ikufunika lamulo. Sabata yatha ndinakumana ndi anyamata awiri m'kankhalango kena pakati pa minda ya tiyi, akuliza mawu a Thyolo alethe pa sipika mobwerezabwereza kuti ituluke aijambule. Inatulukadi, ikudumpha uku ndi uku, ikufunafuna mdani woti kulibe. Ino ndi nthawi yoswana. Nthawi yonse imene ikulimbana ndi sipika, mazira akuzizira kapena ana ali ndi njala. Mbalame imeneyi padziko lonse imangopezeka m'nkhalango zochepa za kuno kumwera monga Thyolo ndi Mulanje, ndi mapiri angapo a ku Mozambique monga Namuli ndi Mabu. Nkhalango ya paphiri la Thyolo inatha kale ndi nkhwangwa, zatsala ndi tizidutswa. Sindikufuna kuti mpikisano wathu uwonjezere mavuto ake.

Gondwe (Rumphi):
Ndikuvomereza ndi manja awiri. Ndipo alethe safuna sipika. Pezani mzere wa linthumbu m'nkhalango, mukhale chapatali mwakachetechete. Imabwera yokha kudzatola tizilombo tothawa linthumbuto.

Aphiri (Zomba):
Likhale lamulo kuyambira lero: sipika ayi, ndipo chisa tisachiyandikire, tisadule nthambi kuti chithunzi chioneke bwino. Mukapeza chisa cha mbalame yosowa musaike malo ake enieni pano, ndiuzeni kumbali. N'chimodzimodzi kuno ku Zomba ndi white-winged apalis komanso yellow-throated apalis, yomwe kwina kulikonse kunja kwa Malawi simungaipeze.

Ndiwonjezere china, makamaka kwa achinyamata. Mukapita kumudzi komwe simukudziwika, yambani mwafika kwa amfumu, munene chomwe mwadzera, ndipo ngati n'kotheka tengani mwana wa m'mudzimo muziyenda naye. Munthu wachilendo wozungulira m'bandakucha ndi chinthu pamaso, akulemba m'kope, anthu samumvetsa. Tonse tikukumbuka zomwe mphekesera za anamapopa zinachita ku Mulanje ndi ku Phalombe mu 2017. Kumanda musalowe popanda chilolezo, ngakhale mitengo yake ikhale yodzaza mbalame chotani. Ndipo amene mukufuna lumbe kapena kadzidzi usiku, musapite nokha.

Tembo (Mfuwe):
Za lumbe, fulumirani. Wamwamuna wa nthenga zazitali zoyera zija akadali nazo manje, koma zimathothoka kuswana kukatha. Mumamupeza madzulo kuli chisisira, pamsewu wafumbi wodutsa m'tchire la miombo.

Nambewe (Area 25):
Ndabwera kudzapereka lipoti. Lero ndinadzuka 5 koloko ndisanapite kushopu, ndinakakhala pakamlatho ka kudambo kuseri kwa kwathu. Pali mtengo wa mthethe wopendekera pamadzi, wodzaza zisa za mpheta zachikasu zija. Ndadutsapo zaka zonsezi osaima. Yaimuna, ya nkhope yakuda, imang'amba tsamba la bango kuchokera kumunsi, n'kuuluka nalo likulendewera, n'kulilowetsa pachisa ndi mlomo kwinaku phazi litapanikiza. Ikatha imalendewera chadodolido kunsi kwa chisacho, ikukupiza mapiko, ikulira. Yaikazi inabwera, inalowa, inatuluka, inapita. Ndiye panafika ina yobiriwira monyezimira, yoyera kumimba, diso lofiira. Mpheta zonse zinaiukira mpaka inathawa. M'bangomo munalinso zofiira ndi zakuda zotukumuka, ndi kena kakuda ndi koyera, mlomo wofiira, mchira wautali kwambiri, kakuvina m'mwamba.

Gondwe (Rumphi):
Mwafotokoza bwino kwambiri achemwali, palibe chokayikitsa. Yobiriwirayo ndi diederik cuckoo. Imaikira dzira lake m'chisa cha mpheta kuti zimulerere mwana, n'chifukwa chake zinaithamangitsa. Zofiirazo ndi red bishop, koma mukapitenso mukaonetsetse pamutu: ngati chipumi n'chakuda ndi southern red bishop, ngati kufiira kwakwera mpaka pachipumi ndipo mapiko ndi akuda bii, ndi black-winged bishop. Wamchirayo ndi pin-tailed whydah. Mwezi wa Julayi zonsezi zimakhala zabulauni, simungazizindikire. Mpheta yachikasuyo mutiuze mtundu wa diso ndi mmene msana ulili, chifukwa zilipo zingapo zofanana.

Nambewe (Area 25):
Ndipitanso mawa. Mayi wina wogulitsa mandasi pamlathopo wandifunsa chomwe ndimayang'ana, ndamuonetsa, ndipo akuti kudimba kwawo kumabwera nantchengwa. Tapangana Lamlungu tikaweruka kutchalitchi.

Nachisale (Leeds):
Nambewe, ndili ndi bainokyula yachiwiri, yakale koma magalasi ake ali bwino. Msuweni wanga akubwera kumudzi pa Khirisimasi, ndimupatsira. Ikhale ya gulu, izizungulira kwa amene alibe, sabata ziwiri aliyense. Muyambe inu, kenako Mayi a Tadala.

Mayi a Tadala (Mchinji):
Zikomo kwambiri achemwali, Mulungu akudalitseni. Ikadzafika nthawi yanga ndidzatuma mlamu wanga, amapita ku Lilongwe Lachisanu lililonse kukapikula katundu.

Aphiri (Zomba):
Zikomo Nachisale. Ndilemba mayina a ofuna kubwereka. Chinanso, mu Januwale maiko ambiri amawerenga mbalame za m'madzi motsogozedwa ndi bungwe la Wetlands International. Ndikufuna ife a kuno kumwera tikayeserere limodzi ku Chilwa nthawi imeneyo isanafike, kuti tiphunzire kuwerenga gulu lalikulu mosabwereza. Che Bwanali, Loweruka likubwerali zingatheke?

Che Bwanali (Kachulu):
Zitheka. Chithunzi cha mphete mwana wajambula, akutumiza kwa mayi a ku Leeds usiku uno akagula bandulo. Za Loweruka, nyamukani ku Zomba kusanache. Msewu wa ku Kachulu mvula ikagwa usiku umaterera, galimoto yaing'ono isabwere, bola njinga zamoto. Mufike padoko 6 koloko isanakwane chifukwa mphepo imadzuka dzuwa likakwera. Bwato langa limatenga anthu asanu, mukachuluka mundiuze Lachinayi ndipeze lina. Mutenge madzi akumwa, a kunyanja kuno ndi amchere, ndi pepala lapulasitiki lokulungira mafoni ndi makope.

Nangozo (Thyolo):
Ndilembeni, ndidzagona ku Zomba Lachisanu. Ndibwera ndi mwana wa achimwene anga, tikhala awiri.